Kansanza pa Chikolopa

Amuna anga amanyambita chala asanakhudze foni. Amatulutsa lilime, kunyowetsa chala chachikulu, n'kuyamba kupalasa galasi la foni ngati mbusa akufunafuna vesi. Galasilo limakhala mizeremizere ngati padutsa nkhono. Akanyambita kawiri, dziwani kuti pagulu pagwa nkhani. Tsiku limene ndinabwera ndi kalata yondiimitsa ntchito ananyambita katatu, ndipo mutu sanadzutse.

"Ndati andiimitsa ntchito," ndinabwereza, kalata ili m'manja.

"Ndamva, mayi ake mwana, sindine gonthi. Koma taonani apa. Anthu 740 atumiza chithunzi chija kwa anzawo. Chafika mpaka kumzinda. Wina walemba ali kunja kwa dziko, akuti tisafooke."

"Wakunjayo atitumizira ufa?"

"Inu mumangoganiza za m'mimba. N'chifukwa chake dziko silikutukuka."

"Mimba imeneyi ndi yanu. Ndimaidyetsa ndine."

Ine ndimakolopa pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu, kuchipinda chochilira azimayi, ndipo chino n'chaka chachisanu ndi chinayi. Pampu ya pathanki anaizula miyezi inayi yapitayo, akuti ikukakonzedwa. Aliyense akudziwa kuti ikuthirira kabichi kudimba la a khansala. Chichokereni pampuyo, odikirira odwala amatunga madzi kukhwawa, kumunsi kwa zimbudzi za pamsika. Madzi amenewo ndi amene ndimakolopera magazi, ndi omwewonso amasambitsira mayi akangochira. Tsiku lina ndinajambula ndowa imodzi, madzi ake ofiirira ngati tiyi, kuti ndikaonetse abwana a chipatala, poti iwo m'chipindamo salowa, amati fungo limawadwalitsa mutu. Amuna anga anabwereka foni yanga kuti aimbire amayi awo, anapeza chithunzicho, n'kuchiponya pagulu lawo la pa Watsapu. Gululo analiyambitsa ndi iwo, n'chifukwa chake dera lonse limawatchula kuti Adimini. Zoti ntchito yawo ndi yometa, ena anaiwala kale.

"Dzina lanu sindinalembe," anatero. "Ndinalemba kuti chachokera kwa mzika yokhudzidwa. Adziwa bwanji kuti ndi inu?"

"Chikolopa munachiona?"

"Chikolopa chanji?"

"Chatsamira khoma, kuseri kwa ndowa. Okolopa tilipo atatu, ndipo aliyense amamanga kansanza pampini pa chikolopa chake kuti tisasinthane. Kanga n'kofiira ka madontho oyera. Ndinang'amba kudiresi lija ndinavala zaka zitatu kutchalitchi. Abwana anangotambasula chithunzi ndi zala ziwiri, n'kundifunsa kuti, 'Anachikolopa, diresi ili si lanu?' Inu muli ndi maso awiri, foni ili ndi lachitatu, onsewo osaona kansanza!"

Anayang'ananso chithunzicho, anachitambasula, n'kuseka pang'ono.

"Aa, zoonadi. Koma nkhondo iliyonse pamakhala ovulala."

"Nanga bwanji wovulala si inu? Nkhuyu mwadya ndinu, m'mimba mukupota mwanga."

"Musandiphere miyambi m'nyumba mwanga muno. Anthu adzuka, mayi. Lachiwiri tikuchita zionetsero, tikapereka chikalata kuofesi ya khansala. Pampu ibwerera, inu mubwerera pantchito, ndipo abwana anuwo adzakugwadirani. Mudzandithokoza."

Masiku otsatirawo pagulu panayaka moto. Wina analemba kuti abwera ndi anyamata makumi awiri. Wina anati ofesiyo tikaigwetse ndi manja. Wina anatumiza chithunzi cha mkango. Adimini atafunsa kuti abwera ndani, anthu oposa 200 anakweza tizala tachikasu ta pafoni tija. Amuna anga anasiya kumeta bwino, makasitomala ankachoka ndi mitu ngati munda wolima ana. Chakudya ankadya ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pafoni.

Ine zionetsero sindinkazifuna. Koma ndinali nditanyowa kale, mame akanandiopsa chiyani? Ndinapita pamsika n'kuuza azimayi pakamwa, poti ambiri mafoni awo ndi a mabatani. Woyamba kuvomera anali mayi wogulitsa tomato pafupi ndi geti, amene tonse timangoti Mayi a Tomato. Mwana wawo wamkazi anachira pachipatala pathu sabata ziwiri m'mbuyomo, ndipo chibwerereni kunyumba anali chigonere, thupi lili ngati mbaula, mimba yotupa.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza amuna anga akupukuta mashini ometera.

"Simukuvala nsapato?"

"Tsogolani, ndikupezani. Wina ayenera kutsala pamene pali netiweki yabwino, azidziwitsa anthu."

"Anthu ake ati, poti onse akhala kumeneko?"

"Mkulu wa asilikali sayenda patsogolo, mayi ake mwana. Izi simungazimvetse."

Pansi pa mtengo pamene tinagwirizana kukumana tinapezana azimayi khumi ndi mmodzi. Tinadikira mpaka mthunzi unatithawa. Wa anyamata makumi awiri uja sanabwere, wa mkango uja anatidutsa panjinga n'kuyang'ana kumbali. Mayi a Tomato anamanga nsalu m'chiuno n'kunena kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tiyeni."

Kuofesi sitinafikeko. Pamlatho tinapeza galimoto yaima mopingasa, anyamata ovala malaya ofanana atakhala kumbuyo, aliyense ali ndi chidutswa cha paipi. Nthawi, njira, ngakhale mtengo wokumanirapo, zonse anawerenga pagulu pomwepo. Awiri ndinawazindikira, anali m'gulu la okweza tizala aja. Mmodzi, mkazi wake ndinamukolopera magazi chaka chatha.

"Amayi, bwererani mukaphike," anatero ameneyo.

"Tiphikire madzi ati?" anayankha Mayi a Tomato.

Paipi inawapeza pamsana asanatseke pakamwa. Chikalata anachilanda n'kuchiponya mumtsinje. Ine wina anandikankha, ndinagwera pachitsulo cha mlatho, mlomo n'kung'ambika. Zonse zinatha msanga kuposa kukolopa khonde.

Ndinalunjika kometera. Amuna anga anali akumeta mphunzitsi wina, mbali imodzi ya mutu itatha. Atandiona anazimitsa mashini.

"Mwajambula?"

"Mwati chiyani?"

"Vidiyo! Akukumenyani, palibe anajambula? Azimayi khumi ndi mmodzi, onse manja lende? Taimani pomwepo, musapukute magaziwo. Yang'anani kuwindo kuti kuwale."

Anatulutsa foni. Ndinaimenya ndi kuseri kwa dzanja, inakagwera mutsitsi pansi.

"Mwapenga? Umboni umenewo!"

"Umboni mukanauona ndi maso mukanabwera. Anthu anu 200 ali kuti? Anabwera awiri, ndi mapaipi."

"Anthu ali nafe mumtima."

"Mumtima mulibe mlatho. Mukudziwa kuti njira munawauza ndinu? Munalemba zonse ngati mukuitanira anthu ku ukwati."

Mphunzitsi uja anatsokomola. "Adimini, tamalizani kaye mutuwu. Ndingapite bwanji m'kalasi ngati mbuzi yolumidwa ndi galu?"

"Pepani aphunzitsi, mukudziwa azimayi. Iwe, pita kunyumba, usandichititse manyazi pantchito."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe pamaso pa anthu. Ndinapita, koma manyaziwo ndinawasiya pomwepo, sanali anga.

Sabata yotsatira zinthu ziwiri zinachitika. Chithunzi cha ndowa chija, poyendayenda m'mafoni, chinakafika kulikulu la zaumoyo, ndipo kunamveka kuti Lachisanu kubwera akuluakulu kudzaona okha. Chachiwiri, galimoto ija ya pamlatho inaima kometera ola lathunthu. Madzulo ake amuna anga anabwera ndi foni yatsopano, yaikulu ngati mbale, ikadali ndi pulasitiki.

"Mwaitenga kuti?"

"Ndi chida cha ntchito. A khansala andipempha ndiziyendetsa tsamba lawo la pa Fesibuku. Aona kuti ndili ndi luso."

"A khansala ake omwe aja a kabichi?"

"Munthu uja anthu samumvetsa. Ndakhala naye pansi, ndi wofatsa. Kumenyera nkhondo m'kati n'kwanzeru kuposa kukuwa panja."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Nsanje basi."

Nditatsegula foni yanga ndinapeza gulu lasintha. Chithunzi cha ndowa anachichotsa. Pansi panalembedwa kuti tsopano wotumiza uthenga ndi Adimini yekha. Amene anafunsapo za pamlatho anali atatulutsidwa mmodzimmodzi. Uthenga womaliza unali wakuti: "Lachinayi wabodza aulula yekha. Khalani tcheru." Tizala tachikasu tinali kale 90.

Lachitatu kunabwera apongozi anga, amayi awo a Adimini, ndi kachikwama ka masiku awiri. Iwo sabwera popanda chifukwa, galu wamkota sakandira pachabe. Mwana atangopita kusukulu anandikhazika pansi pabalaza, mwana wawo n'kundipatsa pepala lolemba ndi makina.

Linati: "Ine, wokolopa pachipatala, ndikuvomera kuti ndinathira ndekha dothi m'ndowa chifukwa chokwiyira abwana anga. Madzi pachipatala alipo ndipo ndi abwino. Ndikupepesa kwa a khansala athu okondedwa ndi anthu onse."

"Mawa muwerenga zimenezi pavidiyo, mutavala yunifolomu," anatero amuna anga. "Akuluakulu aja akamafika Lachisanu apeze nkhani yatha. Lolemba mukubwerera pantchito. Abwana anu avomera kale."

"Ndiye wabodza uja ndine?"

"Ndi mawu chabe, mpongozi," analowerera apongozi. "Mawu satuluka magazi. Inu mukulimbana ndi anthu oti akakwiya dera lonse limazizira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mungaswe mkhate wanu womwe chifukwa cha khoswe?"

"Mkhate anaswa ndi mwana wanu, amayi. Ine chithunzi sindinatumize."

"Mwana wanga analakwitsa, wakonza. Wapeza ntchito ya muofesi. Inu m'malo mosangalala mwatupa ngati chule. Mkazi wanzeru amaphimba mwamuna wake."

"Ndamuphimba zaka khumi. Bulangete latha."

"Tamverani mwano! Kodi kukolopa manyi a anthu ndiye kwakukulitsani mtima chonchi?"

"Manyi amenewo ndi amene anakugulirani magalasi mwavalawo."

Apongozi anavula magalasi n'kuwaika patebulo ngati awotcha. Amuna anga anatsitsa mawu, monga amachitira akafuna chinthu.

"Mayi ake mwana, taganizani. Zaka zisanu ndi zinayi muzitaye chifukwa cha ndowa? Ntchito ina muipeza kuti ndi sukulu yanuyo? Mwanayu adya chiyani? Anthu amaiwala. Sabata yamawa pagulu padzagwa nkhani ina, wina wagwidwa ndi mkazi wa mwini, ndipo za inu palibe adzakumbuke."

Apa sananame. Ntchito imeneyo ndi imene imalipira nyumba, ndi imene inagula nsapato za mwana. Kumeta kumangodyetsa foni. Ndinapinda pepala lija n'kuliika m'thumba, ndipo kunena zoona, mtima unali utayamba kuvomera.

Masana ndinapita pamsika kukagula sopo. Benchi la Mayi a Tomato linali lopanda kanthu, ndiye ndinakhotera kwawo. Ndinawapeza pakhonde, khanda lili pamiyendo, akulimwetsa mkaka ndi kasupuni. Mayi wa khandalo anali atamutengera kuchipatala chachikulu dzulo lake, osalankhula, osazindikira munthu.

"Khalani apo, Anachikolopa," anatero osandiyang'ana. "Ndamva mawa wabodza aulula. Ndi inu?"

Ndinakhala pansi, pepala lija lili m'thumba.

"Ndikufunsa chifukwa abwana anu alemba m'buku la mwana wanga kuti matendawa anawatengera kunyumba, akuti ndife auve. Ine, woti ndimatsuka tomato mmodzimmodzi. Ndiye mukanena kuti dothi munathira ndinu, basi, auve ndife. Akafa, ndamupha ndine."

"Akuti andibwezera ntchito."

"Bwererani. Mukakolopere madzi omwewo. Winanso akatupa mimba muzidzati simunaone." Anapukuta kukamwa kwa khanda ndi nsonga ya nsalu. "Ife Lachisanu tikakhala pageti la chipatala, khumi aja. Tauzana pakamwa, pafoni ayi, tinaphunzira pamlatho. Koma ife akatiuza kuti ndife amisika, za chipatala sitidziwa. Amene akudziwa tsiku limene pampu inachoka, akudziwanso amene anainyamula, ndi inu. Msana wanga ukadali ndi mzere wa paipi. Mukafuna kuuona ndivula."

"Musavule, mayi. Ndinalipo."

Lachinayi m'mawa galimoto ya madzi inadutsa pamsewu kupita kuchipatala, kukadzaza thanki kuti alendo adzapeze mipopi ikutuluka. Kunyumba amuna anga anakokera mpando pafupi ndi windo, anasanjikiza zitini ziwiri patebulo, n'kutsamiritsa foni yatsopano ija. Apongozi anali atasita okha yunifolomu yanga. Ndinaivala, ndinakhala pampando, pepala lili m'manja.

"Nkhope ikhale yachisoni," anatero amuna anga. "Mukatha kulira, lirani. Ndikati yambani, yambani. Yambani."

"Ine, wokolopa pachipatala," ndinawerenga, "ndikuvomera kuti..." Mawu otsatirawo ndinawaona bwinobwino papepala, koma lilime linakana kuwanyamula. "Ndikuvomera kuti ndowa ija ndinajambula ndine, ndipo madzi ake ndi a kukhwawa."

Anadina foni. "Mukuchita chiyani? Werengani zimene zalembedwa!"

"Maso andivuta."

"Abwerekeni magalasi," anatero apongozi, "poti akuti anagula okha."

"Kachiwiri. Yambani."

"Ine, wokolopa pachipatala, ndinaona pampu ikukwezedwa m'galimoto ya a khansala Lolemba lina m'mawa, abwana ataima pomwepo, manja m'thumba."

"Iwe!" Anamenya tebulo, zitini zinagwa, foni anaiwakha m'malere ngati khanda. "Ukudziwa kuti anthu aja ndawalonjeza? Ukudziwa zimene angandichite? Foni iyi aitenga! Kometera kuja akatentha!"

"Walira mvula walira matope. Munkafuna dera lidzuke. Ladzuka, lili m'nyumba mwanu."

"Mwana wanga, ameneyu akuphetsa," anatero apongozi. "Ndinakuuza kalekale kuti mkazi wolandira malipiro ndi mwamuna mnzako."

Amuna anga anaimikanso zitini. Anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la mafuta ometera.

"Kachitatu, komaliza. Ukapanda kuwerenga, m'nyumba muno utuluke lero lomwe. Ndipo usaganize kuti zako zikafika pagulu. Wotumiza ndine ndekha."

Ndinaimirira. Ndinamasula mabatani a yunifolomu pamaso pa apongozi, ndinaivula, n'kutsala ndi diresi lam'kati. Ndinaipinda bwinobwino monga anatiphunzitsira, manja m'kati, kolala pamwamba, n'kuika pepala lija pamwamba pake.

"Mukawapatse abwana. Muwauze kuti yachapidwa ndi madzi abwino."

Kuchipinda ndinatsitsa chikwama pamwamba pa kabati. Ndinaikamo madiresi atatu, nsalu, zovala za mwana ndi makope ake, chiphaso changa cha ntchito, buku la kusikelo. Amuna anga anaima pakhomo la chipinda, foni m'manja.

"Ukupita kuti?"

"Kwa Mayi a Tomato. Kuli khanda lofuna manja awiri. Mwana ndikamutengera pageti la sukulu."

"Mudya chiyani kumeneko, tomato?" anakuwa apongozi ali pabalaza.

"Tidya. Inu muzidya tizala tachikasu."

"Ukangotuluka," anatero amuna anga, "ndilemba pagulu kuti wathawa ndi mwamuna. Ndilemba kuti mutu wako sukuyenda bwino. Pofika madzulo dera lonse likhala litadziwa. Palibe adzakukhulupirire."

"Lembani. Atumizirane anthu 700, afike nazo mpaka kunja. Akuluakulu aja mawa sakubwera pagulu panu, akubwera pageti la chipatala, ndipo akandipeza nditaima pomwepo. Ndikawatengera kukhwawa, kenako kudimba." Ndinakanikiza zovala ndi bondo n'kukoka zipi. "Pakamwa pangapa palibe adimini. Tapatukani, chikwamachi n'cholemera."